Uthenga Wosowa Nkhope

Dziko la Ndilimo simungalipeze pa mapu, koma munthu wa kumeneko mukakumana naye simufunsa kawiri. Inu mukujambula ng'ombe yanu, iye wafika kale pambali pake, akukonza kolala. Ndife anthu otero, ndipo tinasiya kalekale kuchita nazo manyazi. Pamaliro timalira ndi diso limodzi, linalo likusakasaka wa kamera. Ngakhale mbava zathu zikagwidwa zimayamba zapempha chipeso.

Mfumu ya dzikoli, Mwandiona Wachiwiri, inali yokonda zamakono. Itaona kuti aliyense ali ndi foni, ngakhale amene nyumba yake ilibe chitseko, inalamula kuti pakhale pulogalamu ya pafoni yolengezera nkhani za boma, ndipo inaitcha Mthenga. Ntchito yopanga Mthenga inagwera Zakeyu Chitedze, bambo wowonda wa magalasi, wosakwatira, amene anapatsidwa kachipinda kuseri kwa nyumba ya mfumu, moyandikana ndi khola la nkhanga.

Poyamba Mthenga ankabwera ndi mawu okhaokha. Katemera wa ng'ombe ali pakuti, mlatho wakuti wathyoka, madzi a chitsime chakuti musamwe. Mawu abwino ndithu, koma palibe ankawawerenga. Zakeyu atapita ku msika wa Tingoona kukafufuza chifukwa chake, a Nankhoma ogulitsa tomato sanamubisire.

"Bambo, mwadzaza foni yonse ndi zilembo ngati mayeso a kusukulu. Wanena zimenezi ndani? Timuone kumaso. Nkhani yopanda chithunzi kwathu kuno timati mphekesera."

Apa tinene chilungamo, chifukwa pambuyo pake Zakeyu ankakonda kunena kuti zonse zinayamba ndi akuluakulu. Ayi ndithu. Nzeru yoika zithunzi pakati pa mawu inali yake, ndipo anainyadira ngati mwana woyamba. Anaikhalira ntchitoyo nyengo yonse yachisanu, kuphunzitsa mawu kupatukira chithunzi mwaulemu, kuti pa foni yaikulu ndi yaing'ono yomwe chithunzi chizikhala pamalo pake, mawu n'kupitiriza pansi osapondana. Maganizo ake anali oti akanena za mlatho anthu aziuona mlathowo, akanena za nkhupakupa aziiona nkhupakupayo.

Tsiku lokaonetsa ku bwalo la nduna, anagwada n'kupereka foni kwa mfumu ndi manja awiri. Pagalasi panali nkhani ya mlatho wothyoka, chithunzi chake chili pakatikati. Mfumu inayang'ana nthawi yaitali.

"Mlathowu wachita chiyani kuti dziko lonse liuone?"

"Wathyoka, mwini dziko."

"Ndiye wothyoka aoneke, woumanga asaoneke?"

Nduna zonse zinapukusa mitu ndi chisoni poona kuti mlatho ukufuna kulanda ufumu. A Gwadani, Nduna ya Zaulemu, anaimirira pomwepo, ndipo dzuwa lisanapendeke Lamulo la Nkhope linali litabadwa. Uthenga uliwonse wa boma uziperekezedwa ndi nkhope ya munthu, mwini nkhopeyo atavomera, pakuti mlendo waulemu sayenda yekha. Mfumu ikafuna kuperekeza, nkhope yake izikhala yoyamba, ndipo liwu lililonse lisayerekeze kukhala pamwamba pa mutu wake. Nduna zizitsatira monga mwa maudindo, wamkulu chithunzi chachikulu, wamng'ono chaching'ono. Zakeyu anauzidwa kuti amange Mthenga mwakuti uthenga wopanda nkhope uzikanika kutuluka. Anamangadi, molimba bwino, poti anali mmisiri wonyadira ntchito yake.

Panatsala vuto limodzi. Kuti munthu afike pa mawu ankayenera kukankha chithunzi ndi chala, ndipo chalacho chinkatera pamphumi pa mfumu. A Gwadani atazindikira kuti anthu wamba akukankha mfumu pamphumi m'mawa uliwonse, ena ndi zala za mafuta a zitumbuwa, mutu unawawawa mpaka anagona. Atadzuka anawonjezera ndime yoti munthu asanakankhe aziyamba waomba m'manja n'kunena zikomo. Mukadafika ku Tingoona masiku amenewo mukadaganiza kuti msika wonse walowa kwaya.

"Ine bandulo yanga imathera pa chibwano cha Nduna ya Zamasewero," anadandaula tsiku lina bambo wina wogulitsa makala. "Chimene chili kunsi kwa chibwanocho sindinachionepo."

"Simunataye kanthu," anayankha a Nankhoma. "Kunsi kwake kuli tayi."

Koma ife a ku Ndilimo sitigona. Posakhalitsa tinaphunzira kuwerenga boma popanda kuwerenga mawu. Nkhope zikatuluka zili ndwii, ndiye kuti ndi msonkhano chabe, pitirizani kulima. Mano akaoneka, ndiye kuti kwinakwake akugawa zinthu. Zikatero unkangoyang'ana mzere umodzi wa pansi pa chithunzi kuti udziwe malo, n'kutenga thumba, ulendo.

Nkhani zoipa ndiye zinasowa woziperekeza. Ndani angabwereke kolera nkhope yake? Choncho chaka chimenecho m'dziko la Ndilimo simunagwe mliri, simunathyoke mlatho, ntchemberezandonda sizinalowe m'munda mwa munthu. Anthu ankangotsekula m'mimba mwa kufuna kwawo, ena n'kumagwera m'mitsinje pa zifukwa za kubanja. Mfumu inadzipatsa mendulo.

Pa zonsezi Zakeyu anali ndi kake kamene kankamudya mumtima. Iye amene ankakonza nkhope za anthu onse, kufafaniza zipsera, kuchepetsa mimba, kuwongola zipewa, nkhope yake inali isanatulukepo ndi kamodzi komwe. Achemwali ake a Enelesi, amene anamulera makolo atamwalira, ankakhala ku chigwa cha Tidikire, kumunsi kwa damu la Mwadzaza, ndipo akaimba foni sankalephera kumukumbutsa.

"Achimwene, mumati mumagwira kwa mfumu. Nanga sitikuonani bwanji? Ngakhale wothira tiyi tinamuona khutu kumbuyo kwa nduna. Anthu kuno ayamba kunena kuti mwina mumadyetsa nkhanga."

Zimenezi zinkamupweteka kwambiri Zakeyu, makamaka chifukwa nkhangazo zinkamveka pafoni.

Kenako kunabwera mvumbi wosadziwa kuleka. Damu la Mwadzaza linadzaza tho, ndipo amisiri a kumeneko anatumiza mawu oti akapanda kutsegula zitseko za madzi madzulo a tsiku lomwelo, khoma ligumuka. Madziwo njira yawo inali imodzi, kudzera ku Tidikire. Uthenga unafika patebulo la Zakeyu m'mawa, wolembedwa bwino: onse a ku Tidikire apite ku sukulu ya Pamtunda, madzi akubwera, atenge ziweto, chakudya ndi katundu yense amene angathe kunyamula. Unkangosowa nkhope.

Asanachite china chilichonse anaimbira achemwali ake.

"Achemwali, samukani lero lomwe. Akutsegula damu. Muuzenso anzanu onse."

"Zili mu Mthenga?"

"Sizinalowe, koma ndili nazo pano m'manjamu."

"Ndiye zikalowa tiona. Ndisiye chimanga changa chifukwa cha mawu a pakamwa? Chaka china munthu anatiuza pakamwa kuti kukubwera njovu. Tinakagona kutchalitchi, pobwera tinapeza nkhuku zonse zitapita, njovu yake osaoneka ndi ndowe zomwe."

"Achemwali, ndine mlongo wanu."

"N'chifukwa chake ndikukudziwani. Muli mwana munkati mwasamba mutangonyowetsa mapazi."

Zakeyu anachita mantha enieni. Ankawadziwa achemwali ake, ndipo ankadziwa kuti chigwa chonse n'chimodzimodzi. Popanda chithunzi, madzi akawapeza akuphika.

Anathamangira kwa a Sindinaliko, Nduna ya Madzi, amene nkhope yawo inali itaperekeza mjigo uliwonse watsopano m'dzikomo. Iwo anawerenga uthengawo n'kuubweza mwachikondi.

"Mwana wanga, ine ndine nduna ya madzi akumwa. Madzi othamanga ndi a Zamtengatenga."

A Zamtengatenga anati madzi akalowa m'nyumba ndi nkhani ya Nduna ya Nyumba. A Nyumba anati nyumba ikagwa si nyumbanso, ndi dothi, akaone a Zamalo. A Zamalo anali ku maliro a munthu amene mpaka lero sakudziwika dzina. Pofika masana nkhani inali itakula, ndipo bwalo linakhala pansi.

"Palibe akukana kuti anthu a ku Tidikire ndi anthu," anayamba a Gwadani. "Ambiri a iwo timawadziwa, amaomba m'manja bwino. Koma nkhope ikangotuluka ndi chigumula, mwini wake adzatchedwa Chigumula, iye ndi adzukulu ake. Tisathamange."

Nduna ina inati aikepo chithunzi cha nduna imene inamwalira kale, poti wakufa sadandaula. Anaikumbutsa kuti mkazi wa malemuyo ndi mng'ono wawo wa akazi a mfumu, ndipo inakhala pansi mofulumira. Ina inati aikepo mvuu, poti ndiye mwini madzi. Anaiyankha kuti lamulo likunena nkhope ya munthu, ndiponso mvuu ikatchuka ingadzafune mpando. Zakeyu anakwawa ndi maondo mpaka kutsogolo.

"Mwini dziko, mundilole ndimasule lamuloli lero lokha. Uthenga upite wopanda nkhope."

"Anthu anga sakhulupirira mphekesera," inatero mfumu mofatsa. "Ukufuna boma langa lisanduke mphekesera?"

Chowawa n'chakuti apa mfumu inanena zoona. Bwalo linasankha komiti yofufuza nkhope yoyenera, yoti idzapereke zotsatira mvula ikatha, kenako onse anapita kukadya.

Zakeyu anabwerera m'kachipinda kake, mvula ikugogoda malata, nkhanga zili zii. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamulo linkafuna nkhope ya munthu, mwini wake atavomera. Iye anali munthu, ndipo anavomera.

Anadzijambula pomwepo, nkhope yachisoni yoyenera chigumula. Atachiona chithunzicho anakhumudwa. Maso ofiira, tsitsi losapesa, kolala yopindika, ngati munthu amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni m'jekete. Dziko lonse limuone koyamba ali chonchi? Achemwali akaonetse anzawo chimenechi? Anajambulanso, chinachita kuipiratu. Tsono m'foni mwake munali chithunzi china, cha pa ukwati wa mnzake: suti yobwereka ya buluu, duwa pachifuwa, mano onse panja, chala chachikulu chili m'mwamba. Anadziuza kuti nthawi yatha, palibe mpata wosankha. Linali bodza, anasankha. Ndipo poti muyezo wa zithunzi unali m'manja mwake, anachikulitsako pang'ono, kenako pang'ono pena, mpaka chinaposa cha nduna n'kuyamba kununkhiza cha mfumu. Anayesa pa foni yake yaikulu ya boma, zonse zinaoneka bwino. Pa foni yaing'ono sanayese, mmisiri wathu wonyadira ntchito uja. Anatumiza.

Ku Tidikire mafoni ndi aang'ono. Chithunzi chinadya galasi lonse n'kusiya kamzere kamodzi pansi pake: onse a ku Tidikire apite ku sukulu ya Pamtunda. Za madzi, za ziweto, za katundu, zonse zinatsalira kunsi, kumene chala cha munthu wa ku Ndilimo sichifika.

Ku msika wa Tingoona malonda anaima. Anthu anaunjikana pa foni ya a Nankhoma ngati kuti zawo zikunena zina.

"Nkhope yachilendo iyi," anatero wa makala uja. "Limeneli ndi bungwe."

"Taonani manowo," anatero a Nankhoma. "Nduna ija inaonetsa akutsogolo okha tinalandira sopo. Uyu waonetsa mpaka a m'mbali. Apa pali mabulangete."

Masana omwewo anthu angapo a ku Tingoona anakumbukira kuti agogo awo anachokera ku Tidikire, ndipo anakwera minibasi.

Ku chigwako a Enelesi anaimba nthungululu, n'kuyenda khomo ndi khomo foni ili m'mwamba. "Si uja munkati amadyetsa nkhanga uyu? Muoneni bwino." Chigwa chonse chinanyamuka. Popeza pogawa amawerenga mitu, palibe mutu umene unatsala. Nkhalamba zinakwera mawilibala, odwala ananyamulidwa pa machira, khanda lobadwa dzulo lake linapita, ngakhale a mpingo uja umene umakana za boma anapezeka ali patsogolo. Koma popeza ogawa sapatsa munthu wooneka kuti ali nazo, aliyense anavula zabwino n'kuvala nsanza. Mbuzi anazitsekera m'makola kuti zisatsatire n'kukawaulula. Njinga, mawailesi ndi matiresi anazibisa m'nyumba n'kukhoma. A Enelesi makina awo osokera, amene ankadyetsa banja lonse, anawakankhira pansi pa bedi n'kuphimba ndi chitenje. Anatenga matumba opanda kanthu, lawo ndi a ana, n'kukaima pamzere ku sukulu ya Pamtunda, mvula ikuwakwapula, akukangana ndi anzawo za amene anafika poyamba.

Madzi anafika chakumadzulo. Anthu anayamba awamva, kenako anawaona akutsika ndi mitengo, akumeza minda, makola, nkhokwe, nyumba. Mzere wonse unatembenuka kuyang'ana kuchigwa. Amayi analira, abambo anagwira pakamwa, koma palibe amene anachoka pamalo pake.

M'mawa mwake mawu anafika kunyumba ya mfumu oti ku Tidikire sikunafe munthu ndi mmodzi yemwe. Imeneyi tsopano inali nkhani yabwino, ndipo nkhani yabwino siisowa woiperekeza. Ng'oma zinalira. A Sindinaliko anauza bwalo kuti iwo anali konko mumtima kuyambira pachiyambi. Mfumu inalamula kuti nkhope yachilendo ija ichotsedwe, palowe yake, nduna zitsatire monga mwa maudindo. Zakeyu anadzichotsa yekha, ali chogwada.

A Gwadani sanafune kuti nkhani ithe choncho. Anali atayeza chithunzi chija ndi chingwe, ndipo anapeza kuti chinadutsa malire. Koma linali tsiku lachisangalalo, ndiye mfumu inakhululuka. Inawonjezanso mphoto: popeza tsopano m'boma mwapezeka nkhope yowonongeka kale, Zakeyu akhale woperekeza nkhani zonse zoipa kuyambira tsiku limenelo. Nduna zinaomba m'manja ndi mtima wonse, komiti ija n'kulandira chiyamiko.

Tisabise, Zakeyu anakwera lole ya ku Pamtunda ali wokondwa. Chigwa chonse chinali moyo chifukwa cha iye, ndipo m'njira monse ankayeserera mmene akalandirire mathokozo modzichepetsa. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atatsika, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anthu anamuzindikira. Mzere unali ukadalipo, ndipo unayamba kusunthira kwa iye.

"Ndi omwe aja. Bwana, zija zafika?"

Anadutsa mozyolika. Achemwali ake anawapeza kumapeto kwa bwalo la sukulu, atakhala pa thumba lopindapinda, akuyang'ana kumunsi. Pamene panali nyumba yawo panali madzi ofiira ndi nsonga ya mpapaya. Chapatali mbuzi ya munthu inkayandama, miyendo ili m'mwamba. Ana a achemwali akewo anali atagona pakhonde la kalasi, atafunda matumba aja.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, kaya inu achimwene."

"Nonse muli moyo. Sikunatsale munthu."

"Eya, tamva. Mfumu yatipulumutsa, zili mu Mthenga."

Zakeyu ananjuta pambali pawo.

"Tinakuonanitu dzulo," anatero a Enelesi. "Suti ija inakukhalani."

Milomo ya Zakeyu inayamba kutseguka yokha kuti amwetulire, koma anaibweza.

"Makina aja si olemera," anapitiriza, maso ali pamadzi. "Akadakwana pamutu pangapa. Ndinawanyamula ndi manja angawa, kuwalowetsa pansi pa bedi. Ndinachita kuwaphimba bwinobwino."

"Ndinalemba, achemwali. Pansi pa chithunzipo ndinalemba zonse, za madzi, za katundu. Ndinakuimbiraninso."

"Munaimba. Wosamva ndine, chimenecho n'changa, ndisenza ndekha."

Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana kumaso. Sanakweze mawu, ndipo mkwiyo munalibemo, koma ulemu wa achimwene uja anauika pansi, n'kulankhula ngati kale, Zakeyu ali kamwana kopanda nsapato.

"Koma tandiuza, Zakeyu. Iwe unkadziwa kuti madzi akubwera. Nanga unkasekerera chiyani?"